Kumene msangu umatchinga mchenga

Minibasi inanyamuka mu Windhoek dzuwa litakwera kale, ndipo mpaka ku Karibib dziko linali lozolowereka ndithu: tchire la minga, mipanda ya mafamu, ng'ombe apo ndi apo. Titaima pa Usakos kuti timwetse mafuta, dalaivala wina wa thiraki anandimva ndikulankhula pafoni ndipo anabwera akumwetulira. Anali wa ku Chipata, wonyamula mkuwa wa ku Copperbelt kupita nawo kudoko la Walvis Bay, njira imene mathiraki a ku Zambia amayenda usana ndi usiku.

"Achimwene, kuno mwadzatani? Ntchito?"

Nditamuuza kuti ndadzaona mbalame, anagwira pakamwa.

"Mbalame mwazisiya ku Luangwa ndi ku Chilwa, n'kudzazifuna kuno? Kutsogoloku kulibe chilichonse, achimwene. Mchenga basi."

Poyamba zinkaoneka ngati wanena zoona. Kungotuluka mu Usakos, mitengo inayamba kufupika, kenaka kutalikirana, kenaka kusowa. Sizichitika kamodzin'kamodzi ayi. Umangodzidzimuka kuti patha theka la ola usanaone chinthu choti munthu n'kuusapo. Chimene chinatsala chili chiimire ndi mapolo a magetsi okha, ondondozana m'mbali mwa msewu wa B2 ngati anthu operekeza maliro. Pamwamba pa polo ina panali wakwathu, khwangwala, kolala yake ili mbee ngati m'busa wopita kukadyetsa mgonero. Ndinamusekerera monga umachitira ukakumana ndi wapamudzi m'dziko la eni. Pomatha sabata ndinali nditayamba kumuyang'ana ndi diso lina.

Unali mwezi wa Disembala, kwathu chimanga chikutuluka m'nthaka, koma ku Walvis Bay ndinagona nditavala juzi. Madzi a m'nyanja kumeneko ndi ozizira chifukwa cha mkokomo wa madzi wotchedwa Benguela umene umachokera kummwera, ndipo kuzizira komweko ndi kumene kumatsekereza mvula. Ya chaka chonse nthawi zambiri siikwana mamilimita 20, mvula imene ku Nkhata Bay ingagwe munthu asanamalize mtanda wa nsima. M'malo mwake kumabwera nkhungu, yolemera, yonyowetsa malaya, imene imalowa kumtunda usiku n'kubwerera dzuwa likatentha. M'dambo la madzi amchere kumapeto kwa tawuniyo, limene linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1995, munali ma flamingo osawerengeka, mitu ili pansi pa madzi, akupondaponda matope ngati amayi opondera dothi loumbira njerwa. Aliyense wofika kuno amawajambula, ine ndinawajambulanso, n'kupita kukagona msanga. Zimene ndinadzera zinali kuseri kwa tawuni, kumchenga.

Amene ananditenga pa galimoto yake anali bambo wazaka za m'ma 50, wochokera kumpoto kwa Namibia koma wokulira kugombe, amene wakhala akuperekeza alendo m'chipululu kwa zaka zambiri. Kwawo mwamuna aliyense wamkulu ndi "tate", monga ife timanenera kuti bambo, ndiye iye ankanditcha tate, inenso tate. Chilolezo cholowera m'misewu ing'onoing'ono ya m'paki ya Namib-Naukluft anali atadula kale dzulo lake. Tinanyamuka tambala asanalire, kutanthauza kuti 4 koloko, popeza tambala kumeneko sindinamumveko.

Ku Rooibank tinafika kukuyera. Tinasiya galimoto, n'kuwoloka mtsinje wa Kuiseb wapansi, nsapato zili gwa, chifukwa munalibe ngakhale dontho. Kutsidya kwake mchenga wofiira unangoyamba nthawi yomweyo, ngati wina anautsanula dzulo. M'munsi mwa milu ya mchengayo munali zitsamba za udzu wautali wolimba, wosongoka ngati singano, chitsamba chilichonse chili pa kachulu kakekake ka mchenga umene chinagwira. Tate anaima, n'kuloza pansi. Mchenga wonyowa ndi nkhungu unali utalembedwa paliponse: timizere ta tizilombo, mchira wa buluzi, ndi mapazi a mbalame otalikirana modabwitsa poyerekeza ndi kuchepa kwake.

"Ameneyu amathamanga, sayenda," anatero monong'ona. "Khalani pansi, tate. Musatambasule miyendo."

Tinakhala phee. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti matako amachita dzanzi. Patapita mphindi mwina 40, kanthu kena kanatuluka m'tsinde la udzu, ndipo ndikanapanda kukaona kakusuntha ndikanati ndi chibuma. Kambalame kokulirapo pang'ono kuposa mpheta, msana wake wofiirira ndendende ngati mchenga umene kanaimapo, kumimba koyera, pachifuwa timadontho tosaoneka bwino. Kanathamanga liwiro la mtondo wadooka mpaka pa chitsamba china, n'kuima njo, n'kufukula mchenga ndi mlomo, n'kutola kena kake, n'kuthamanganso. M'mabuku a mbalame amakatcha Dune Lark. Kwa zaka zambiri kankadziwika kuti ndi mbalame yokhayo imene siipezeka kwina kulikonse kunja kwa Namibia, ndipo mudzi wake ndi mchenga wa pakati pa Kuiseb ndi mtsinje wa Koichab, cha ku Lüderitz. Sikamwa madzi. Chinyezi chonse chimene thupi lake limafuna chimachokera m'tizilombo ndi njere zimene kamadya. Masana mchenga ukatentha kupitirira madigiri 60, kamakabisala mumthunzi wa udzu womwewo, n'kudikira madzulo.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti pamene tinakhalapo, tikatembenuka, tinkaiona bwinobwino mitengo ya mumtsinje, yobiriwira, ya mthunzi, yodzaza phokoso la mbalame zina. Mtunda woti mwana n'kumutuma kukapala moto. Koma kambalameka kumeneko sikakufuna. Kwa iko mzere wa mitengowo ndi kumapeto kwa dziko.

Mzere umenewu ndi wakalekale. Kuiseb amayambira m'mapiri a Khomas, kufupi ndi Windhoek, ndipo miyezi yambiri pachaka amakhala wouma. Mphepo ya kummwera imakankha mchenga kuti uwoloke kupita kumpoto, mchenga n'kutsikira mumtsinje pang'onopang'ono. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amabwera ndi ukali, masiku ochepa chabe, n'kukokolola mchenga wonse umene unalowerera. Chaka chotsatira nkhondo imayambiranso. N'chifukwa chake pa chithunzi chojambulidwa kumwamba dzikoli limaoneka ngati nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi, kummwera yofiira, kumpoto yotuwa ya miyala, pakati ulusi wobiriwira. Mbali yofiirayo, imene amaitcha Namib Sand Sea, bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013.

Titabwerera mumtsinje ndinaponda chinthu chimene chinalira kuti tswa. Nditayang'ana pansi ndinaseka ndekha. Zinali zipatso zouma zopiringizika, zofiirira, zimene mwana aliyense woweta mbuzi ku Salima kapena ku Bwanje amazidziwa. Msangu! Mtengo womwe uja umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, alimi n'kumadzala chimanga pansi pake. Kuno unali utaima pamchenga wouma, thunthu loti anthu atatu n'kugwirana manja, mizu yake ikumwa madzi obisika pansi pa mtsinje. Ndinautchula dzina lake lakwathu mokweza ngati ungandiyankhe. Ndipo m'nthambi zake munali apumbwa, a maso ofiira osati akuda ngati athu, koma mwano wake womwewo. Munali njiwa zikulira kulira kwake komwe kuja kwa masana a Okutobala, mpheta, timbalame toyamwa maluwa, ndi kadzidzi amene anatsegula diso limodzi n'kutinyoza. Ndinatulutsa kope langa ndi kuyamba kulemba. Pofika masana, tikutsata msewu wa fumbi wa m'mbali mwa mtsinje kulowera ku Gobabeb, ndinali ndi mitundu 19, ndipo mtima unali m'malo. Ndinkafuna nditamupeza dalaivala wa ku Chipata uja kuti ndimuonetse.

M'mphepete mwa mtsinjewu mumakhala anthu a mtundu wa Topnaar, m'timidzi ta nyumba zowerengeka monga Utuseb ndi Homeb. Tinaima pakhomo pa gogo wina amene tate ankamudziwa. Anamupatsa moni m'Chiafrikaans, akumutcha "ouma", chipewa chili m'manja. Mbuzi zake zinali pansi pa msangu zikukukuta zipatso zija. Gogoyo anatidulira chipatso cha !nara, dzina loyamba ndi kuphulitsa lilime kumene ine ndinakulephera mpaka iye anagwetsa misozi ndi phwete. Ndi chipatso chobulungira, cha minga, chachikulu ngati dzungu laling'ono, chomera pa chitsamba chopanda masamba chimene mizu yake imatsika kutali kukafuna madzi. Mkati mwake ndi mwachikasu, motsekemera, ndipo mumasiya kakuyabwa pa lilime. Nthanga zake amaziwiritsa, kuziyanika, n'kugulitsa.

Anthuwa malire anawapeza ali pompo. Ajeremani analengeza dera limeneli kukhala malo osungira nyama mu 1907, eni ake ali m'katimo ndi ziweto zawo. Ndinamvapo alendo ena akudandaula kuti mbuzi ndi abulu akudya timitengo tonse tongomera kumene, ndipo n'zoona kuti pafupi ndi midzi misangu yaing'ono ndi yosowa. Koma madzi amene tawuni ya Walvis Bay imamwa amapopedwa m'zitsime zokumbidwa pansi pa mtsinje womwewu, ndipo khoma lotchinga madzi osefukira limene linamangidwa kumunsi kwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 linatseka njira imene madzi ankafikira ku minda ina ya !nara. Ine ndimaona kuti kuloza chala mbuzi ya gogo, uku iwe wasamba m'mawa ndi madzi a pansi pa mtengo womwewo, n'kupanda manyazi.

Ku Gobabeb tinangodutsa. Ndi malo a kafukufuku amene anakhazikitsidwa mu 1962 ndi Charles Koch, katswiri wa tizilombo, ndipo anawamanga dala pamene maiko atatu amakumana: mchenga, mtsinje ndi chigwa cha miyala. Dzinalo limachokera ku mawu a anthu a kuno otanthauza malo a mkuyu. Mvula yake ndi ya mamilimita pafupifupi 25 pachaka, ndipo zaka zina siigwa n'komwe. Tinakagona ku Homeb, pansi pa mitengo, nkhandwe zikulira kutsidya.

Kusanache tate anandidzutsa, n'kuyendetsa galimoto kukwera kumpoto mpaka mitengo inabisika kumbuyo. Anazimitsa injini. Sindinaonepo malo opanda kanthu ngati amenewo. Chigwa cha timiyala totuwa, see, mpaka kumene thambo limagunda pansi. Kunali zii woti umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Kenaka kutali kunamveka achule. Ndinatembenuka kumuyang'ana tate, iye n'kumaseka chamumtima. Si achule ayi, koma mbalame ziwiri za miyendo italiitali, yaimuna ndi yaikazi, zikuyankhana ndi mawu a m'khosi. Amazitcha Rüppell's Korhaan. Kutayera tinaziona zikuyenda mwaulemu, makosi ali tolotolo, mtundu wake wofanana ndi nthaka. Patsogolo pake tinapeza timbalame tina tisanu totuwa ngati phulusa, Gray's Lark, timene timaimba kukali mdima ndipo masana timangosungunuka pakati pa miyala. Kachitatu kanali ka Tractrac Chat, koyera ngati kagwera mu ufa, kataima pa mwala wosaposa chibakera, umene pamalopo unali phiri.

Maola anayi, mitundu itatu. Ndinanena mosaganiza kuti mtsinje uja ndiye unali ndi moyo, ndipo kuti boma likanakumba zitsime n'kudzala mitengo kunoko, mbalame zikanachuluka.

"Zikanachuluka ndithu," anatero tate. "Tandipatsani kope lanulo." Anayendetsa chala pa mndandanda wa dzulo. "Mwa 19 amenewa, ndi angati amene simungawaone kuseri kwa nyumba ku Windhoek?"

Ndinawerenga, n'kuwerenganso. Pafupifupi onse anali mbalame za paliponse pamene pali mtengo ndi madzi, ndipo angapo ndinawasiya kwathu pa mtengo wa mango.

"Nanga atatu alerowa?"

Ndinakhala chete. Atatuwo kwawo ndi chipululu chino ndi madera ouma oyandikana nacho basi. Mukadzala mitengo pano, apumbwa ndi njiwa abwera mawa lomwe, mndandanda utalika, wolemba lipoti asangalala, koma eni malo achoka. Ife obadwira kumene mvula imagwa tili ndi diso limene limaona kubiriwira ngati moyo ndi kuuma ngati matenda ofunika mankhwala. Diso limenelo ndi labwino m'munda wa chimanga. Kuno limanama. Pamene malo awiri osiyana akumana, pafupifupi nthawi zonse pamakhala mitundu yambiri ya mbalame, chifukwa pamafika za uku ndi za uko, kuphatikizapo zimene zimadya chilichonse ndi kugona paliponse. Koma kambalame kamene kamaikira mazira pansi poyera, chitetezo chake chonse ndi kusaoneka ndiponso kutalikirana ndi china chilichonse. Kamafuna dera lalikulu lopanda mtengo, lopanda polo, lopanda poti mdani n'kuterapo n'kumasuzumira pansi.

Ndiye apa mpamene khwangwala uja anabwereranso m'maganizo mwanga. Kuiseb ndi malire amodzi, akale, amene zamoyo za mbali zonse zinazolowerana nawo. Malire atsopano ndi ambirimbiri, ndipo amadula chigwa ngati mpeni wodula chigumu: msewu, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi, mpanda, dzala la zinyalala pa msasa wa alendo. Polo iliyonse ndi mtengo umene chipululu sichinadzale. Imapatsa khwangwala pomanga chisa ndi poonera patali, msewu n'kumupatsa nyama zogundidwa ndi magalimoto, alendo n'kumusiyira makombo. Ku Karoo, ku South Africa, akhwangwala afalikira m'madera amene kale sankakhalamo, ndipo mapolo ndi misewu ndi zina mwa zimene zawathandiza. Akabawi nawonso amapeza nsanja yaulere. Iye alibe mlandu, khwangwala. Ndi wochenjera chabe, ngati wavenda amene amafika pa siteji yatsopano minibasi yoyamba isanaime. Kungoti chakudya chake china ndi mazira ndi anapiye a eni dziko.

Mawaya eniakewo ali ndi tsoka lawo. Kuli mbalame ina yaikulu, yolemera ngati tsekwe, Ludwig's Bustard, imene imayendayenda kutsata kumene kwagwa mvula. Ikamauluka n'kuweramitsa mutu kuyang'ana pansi, kutsogolo kwake siiona, ndipo thupi lake ndi lolemera moti siingakhote msanga. Imakaomba waya n'kuthyoka khosi kapena phiko. Imfa zoterezi ndizo zinachititsa kuti mu 2010 iikidwe m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yotha. Pa mawaya ena amapachikapo tizinthu tolendewera kuti mbalame ziziwaona, ndipo mitundu ina timaithandizadi, koma pa mtundu uwu zotsatira zake n'zokhumudwitsa. Tate anandiuza kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda pansi pa mawaya makilomita ambirimbiri kuwerenga mitembo, ndipo amachita kupikisana ndi nkhandwe zimene zinazindikira kale kuti pansi pa waya pamagwa ndiwo.

Mawaya ndi mapaipi ambiri m'chigawo chino amalondola migodi ya uranium: Rössing, umene unayamba mu 1976, Husab wa mu 2016, ndi Langer Heinrich, umene uli m'kati mwenimweni mwa paki ndipo unatsegulidwa mu 2007 ndi Paladin, kampani yomwe ija imene inadzatsegula Kayelekera ku Karonga patapita zaka ziwiri. Migodiyi imadyetsa mabanja ambiri, ndipo mwana wa mchemwali wake wa tate amagwira ntchito ku umodzi mwa iyo. Palibe amene ndinakumana naye wonena kuti itsekedwe. Chimene anthu osamala za mbalame amapempha n'chooneka chaching'ono koma chovuta kuchipeza pa tebulo la mainjiniya: kuti msewu, paipi ndi waya zizidutsa m'njira imodzi, zogundana, m'malo moti chilichonse chizidzidulira yakeyake. Chilonda chimodzi chachikulu chimasiya chigwa chokulirapo kusiyana ndi timabala khumi.

Nanenso ndinalakwa tsiku lomwelo. Ndinaona kaphiri ka miyala chapatali ndipo ndinapempha kuti tidule njira, tingolunjika, popeza pansi panali posalala kuposa msewu. Tate sanayankhe. Anaima, n'kunditsitsa, n'kundionetsa mizere iwiri ya matayala yolowera kuchigwa, yooneka ngati ya sabata yatha. Anati iye anaipeza ilipo kale pamene ankayamba ntchito. Nthaka ya kuno ili ndi kakhungu kolimba pamwamba, ndipo tayala likakaswa, popanda mvula yofafaniza, chipsera chimakhala zaka makumimakumi. Anandigwaditsa, n'kuthira timadzi ta m'botolo pa mwala umene unali ndi zinthu zakuda ngati zopserera. Ndikuyang'ana, zinatambasuka, n'kusanduka zobiriwira. Zinali ndere, zamoyo, zimene zimamwa nkhungu ndipo zimakula pang'onopang'ono kwambiri. Woyamba kudula njira amaitana wachiwiri, chifukwa munthu akaona mizere amati ndi msewu. Ndinakwera galimoto osanenanso za kaphiri.

Tisanatsikire kunyanja tinagona ku Ganab, n'kulawirira ku Hotsas, kumene kuli chitsime chokumbidwa ndi anthu kuti nyama zizimwa. Cha m'ma 8 koloko kumwamba kunadzaza kulira, ndipo magulumagulu a mbalame zonga njiwa zonenepa anayamba kutera chapatali n'kumayandikira madzi wapansi. Ndi Namaqua Sandgrouse. Zambiri zinamwa mofulumira n'kuuluka, koma yaimuna ina inalowa m'madzi mpaka pamimba, n'kumadzigwedeza uku ndi uku. Nthenga za pamimba pake zimamwa madzi ngati thonje, ndipo imauluka nawo makilomita ambiri kukapatsa anapiye amene amachita kuyamwa nthengazo. Bambo wotunga madzi ndi malaya. Ndinaganiza za amuna akwathu amene sanagwirepo ndowa, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Chitsimecho ndi malire enanso opangidwa ndi manja, ndipo sindinganene kuti n'choipa. Pamabwera miimba ikuluikulu ya makutu olendewera, imene imamanga zisa pamwamba pa mitengo ya minga ya m'makwawa ouma, kudzasamba ndi kuwothera dzuwa. Tinaiona itatu. M'paki muno ili pamtendere, ndipo chaka ndi chaka anthu odzipereka amakwera makwerero kukaveka anapiye ake mphete kuti adziwe kumene amapita. Vuto n'lakuti muimba sadziwa mpanda. Kum'mawa kwa pakiyi kuli mafamu a nkhosa ndi mbuzi, ndipo mlimi mmodzi wothira poizoni pa nyama yakufa kuti aphe nkhandwe angathe kupha miimba yambiri tsiku limodzi. Kuzungulira chitsime chomwecho udzu unali utatheratu, nthaka ili fumbi lokhalokha ndi ziboda za mbidzi ndi gemsbok. Zinthu za anthu zimatero kuno, zimapatsa ndi dzanja ili n'kulanda ndi linalo. Atchete a kuno, amene amamanga chisa chimodzi chachikulu ngati denga la udzu n'kukhalamo mazanamazana, alandira mapolo a telefoni ndi manja awiri. Kugombe, thandala lamatabwa limene Adolf Winter anamanga m'nyanja mu 1930 kuti azikolola zitosi za mbalame n'kugulitsa ngati manyowa, lero ndi mudzi wa mbalame zam'madzi zikwizikwi. Ngakhale maiwe opangira mchere ku Walvis Bay amadyetsa mbalame zochuluka. Zopindula zilipo, kungoti kawirikawiri si zija zimene zilibe kwina kopita.

Tsiku lomaliza tinali pa msewu wa pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay, makilomita 30 okha, nyanja kudzanja lamanja, milu ya mchenga kumanzere. Dera limeneli lili mu Dorob National Park, imene inakhazikitsidwa mu 2010. Nyengo ya tchuthi inali itayamba, ndipo anthu a ku Windhoek ndi ku South Africa anali atatsikira kugombe ndi mbedza zawo ndi njinga zamoto za matayala anayi. Tsoka lake, miyezi yomweyi ndi imene kambalame kena ka kunyanja, Damara Tern, kamaswa. N'kakang'ono, koyera kumimba, kotuwa kumsana, kovala kachipewa kakuda. Ambiri mwa mtundu wake padziko lonse amaswera m'gombe la Namibia, ndipo akamaliza amauluka kupita ku magombe a kumadzulo kwa Africa. Sikamanga chisa. Kamaikira dzira limodzi lokha pansi, m'kadzenje kosaya ngati chikhatho. Ndipo sikaikira m'mbali mwa madzi, mmene nkhandwe zimayendera usiku uliwonse kufuna zimene nyanja yalavula, koma kamalowa kumtunda, pamiyala popanda kanthu, kutali ndi mnzake, kuti wofuna dzira ayende mpaka atope.

Pamalo otchedwa Caution Reef anazunguliza dera loswera ndi chingwe chachitsulo chomangidwa pa timitengo tofupika, tofika m'mawondo. Ndi mpanda woseketsa, woti mbuzi ingaulumphe ili mtulo. Nkhandwe imadutsa pansi, mphepo ndi mchenga zimadutsa, munthu wapansi angaudumphe. Umaletsa tayala lokha. Mizere ya njinga inafika pachingwepo yambirimbiri, n'kukhota, ndipo kuseri kwake nthaka inali yosalala ngati sipanapondepo munthu chilengedwere.

Tinaima kunja kwa chingwe. Tate analoza ndi chibwano. Ndinayang'ana ndi magalasi oonera patali mpaka maso anachita misozi, osaona kanthu koma miyala. Kenaka kuchokera kunyanja kunabwera kambalame katanyamula kansomba konyezimira pamlomo, kakulira mawu akuthwa, ndipo mwala umodzi unadzuka n'kukalandira. Mnzakeyo atasuntha, ndinaliona dziralo kwa kanthawi, lotuwa, la madontho akuda, laling'ono kuposa la nkhanga, lili pa dzuwa poyera. Thiraki inadutsa kumbuyo kwathu ikuliza hutala, ndipo ndinatembenuka kuti ndione ngati nambala yake ndi ya ku Zambia. Nditabwezanso maso, ndinafufuza mwala ndi mwala kwa mphindi khumi, tate akundilozera, koma dziralo sindinalipezenso.